Phunziro 9: Moto Wopala kwa Mnzako

Moto ukazima pakhomo, mumakapala kwa mnzanu. Palibe manyazi pamenepo. Koma mukafika nawo kwanu, muyenera kusonkhezera ndi nkhuni zanu. Mukapanda kutero, uzimanso.

Mizinda nayo imapalana nzeru chimodzimodzi. Taonani za kuŵerenga.

M'chaka cha 1965, nduna za maphunziro za maiko ambiri zinakumana ku Tehran, m'dziko la Iran. Zinagwirizana kuti munthu wamkulu aziphunzira kuŵerenga zinthu zomuthandiza pa ntchito yake. Nzeru imeneyi inafika kuno ku Malaŵi. Inayesedwa kaye m'madera ochepa, ndipo mu 1986 boma linaifalitsa m'sukulu za kwacha m'dziko lonse. Kalasi limene munaphunziramo lija ndi moto wopala kutali.

Bungwe la UNESCO linaikanso masiku aŵiri. Pa 8 Seputembala timakumbukira kulemba ndi kuŵerenga. Pa 23 Epulo ndi tsiku la mabuku. Ndiponso kuyambira mu 2001, chaka chilichonse mzinda umodzi umasankhidwa kukhala likulu la mabuku. Woyamba unali Madrid. Muno mu Afirika, Conakry unali likulu la mabuku mu 2017, Accra mu 2023. Mizinda ina imaonera pamenepo nkutengerako.

Nanga kuno ku Mzuzu? Tili ndi nyumba ya mabuku ya National Library Service. Nyumbayi ndi ya aliyense, osati ana a sukulu okha ayi. Ena mwa mabuku a m'nyumba zotere amachokera ku bungwe la Book Aid International la ku London. Ku Yunivesite ya Mzuzu, nyumba ya mabuku itapsa mu Disembala 2015, abwenzi akunja anathandiza ndi mabuku ena.

Thandizoli ndi labwino. Koma mabuku ambiri ochokera kunja ndi a Chingerezi. Mayi wogulitsa tomato mumsika afuna buku la Chicheŵa kapena la Chitumbuka. Mlimi wa khofi afuna buku lonena za khofi. Tsiku la mabuku likatha ndi magule ndi zolankhula zokha, maŵa lake palibe woŵerenga. Munthu wosaŵerenga amaiŵala zilembo, ndipo tsiku lina adzadindanso ndi chala.

Nkhuni zake ndi izi:

1. Pitani kunyumba ya mabuku mukafunse m'mene mungalembetsere.
2. Pemphani mabuku a m'chinenero chanu. Mukapempha ambiri, akuluakulu adzamva.
3. Ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuŵa, sonkhanani anthu asanu, muziŵerengerana kamodzi pa mlungu.
4. Muziŵerengera ana anu madzulo.

Kumbukirani, mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana

1. Kodi nzeru ya sukulu za kwacha inachokera kuti?
2. Tsiku la mabuku ndi liti?
3. Ndi buku lonena za chiyani limene mungakonde kulipeza?
4. Lembani kalata yaifupi yopempha bukulo.