Kachikwama ka Makope: Asoke Yekha Mwanayo

Anzanga amene muli ndi ang'ono anu ku pulayimale, tawayang'anani mawa akamanyamuka. Makope anyamulira m'chiyani? Ambiri ndi m'jumbo, ena m'pepala la shuga, ena angopinda kope n'kulilowetsa m'thumba la kabudula. Mlongo wanga wa Sitandade 2 ankanyamulira m'jumbo mpaka tsiku lina mu Januwale pamene mvula inam'peza panjira, jumbo n'kubooka kunsi. Kope la masamu linafika kunyumba lili phala, pensulo itagwera kosadziwika. Amayi anakalipa, mwana analira, ndipo ndalama ya kope lina panalibe mpaka tsiku la msika. Masiku atatu anapita kusukulu chimanjamanja. Komanso pajatu majumbo opyapyalawa boma linawaletsa mu 2015, ndiye si chinthu choti n'kumadalira.

Chikwama cha pa kaunjika chimafuna ndalama, choncho ndinaganiza zom'sokera. Ndinasoka ndekha usiku umodzi, msoko wowongoka bwinobwino. Sabata isanathe anachiiwala pansi pa mtengo wa mango akusewera phada, chinapita. Chachiwiri ndinati asoke yekha, ine ndingoyang'anira. Ndi chokhota, mbali ina yayitali kuposa inzake, koma teremu yatha chikadalipo, ndipo ngakhale ine sandilola kuchigwira. N'chifukwa chake ndalemba phunziroli. Kusoka kwenikweniko n'kosavuta, chovuta n'choti inu wamkulu mupirire osalanda singano.

Musayambe ndi singano ayi. Pezani katoni, mudule kachidutswa kokula ngati kope, mubowole mabowo ndi msomali kuzungulira m'mbali, motalikirana ngati kunenepa kwa chala chanu. M'patseni mwana chingwe cha nsapato yakutha azilowetsa bowo ili n'kutulutsira linalo. Lowa, tuluka, lowa, tuluka. Wa zaka zinayi kapena zisanu amatha zimenezi, ndipo amaziona ngati masewera. Akamazungulira katoni yonse osadumpha bowo, ndiye kuti dzanja lakonzeka. Singano yeniyeni ndi ya amene afika zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo, inu muli pomwepo.

Nsalu yake ndi chitenje chakale. Pemphani kaye! Musangotola chimene mwachipeza pachingwe, mwina ndi cha kumpingo, mungagone ndi njala. Chitenje chimayamba kutha pakati, pamene amaberekera mwana ndi kukhalira, pomwe m'mbali mumakhala mukadali molimba. Dulani m'mbalimo. Mwendo wa jinzi yakutha umapanga chikwama cholimba kwambiri poti m'mbali ndi mosokasoka kale, koma jinzi ndi youma, zala za mwana sizingabaye. Thumba la feteleza lisiyeni, limasomoka ulusi ndiponso mankhwala ake si abwino m'manja mwa mwana amene akadya mkute osasamba.

Tepi yoyezera simukuyifuna. Pindani nsaluyo pawiri, kumaso kwake kukhale mkati, mopindamo mukhale kunsi. Ikani kope lalikulu kuposa onse pamwamba pake, musiye malo a zala zitatu mbali iyi ndi iyo, ndi zala zinayi kumwamba, kenako mulembe mzere ndi choko kapena khala. Kudula ndi kwanu, ndi sizasi. Mwaona chifukwa chake mopinda mwakhala kunsi? Kulemera konse kwa makope kumatsikira pansi, ndiye pansipo pasakhale msoko woti n'kuphwasuka. Mwana watsala ndi mbali ziwiri zokha zoti asoke.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timam'patsa mwana ulusi wautali kuti asavutike kulowetsa wina, ulusi uja n'kupotana, mwana n'kukwiya, ntchito n'kuthera pomwepo. Yezani ulusi kuchokera kunsonga ya chala chake kufika pachigongono, muwirikize kawiri. Lowetsani pa singano ya bowo lalikulu, nsonga ziwirizo muzimange mfundo imodzi. Mukatero singano siivuka ngakhale akoke mwamphamvu bwanji. Kenako tengani cholembera mudonthoze timadontho m'mbali mwa nsalumo, kusiya malo a chala chimodzi kuchokera m'mphepete, kadontho ndi kadontho kutalikirana ngati njere ya mpunga. Timadonthoto ndi mabowo a pakatoni aja. Lowa apa, tuluka apo. Msoko umenewu a Home Economics amautcha running stitch, ndipo ndi umene aliyense amayambira. Akafika kumapeto abwerere m'njira yomweyo, kubaya m'mipata imene inatsala, kuti msoko ulimbe. Pomaliza abaye katatu pamalo amodzi, ndiye mudule.

Adzakhotetsa, musakayike. Pena adzadumpha timadontho titatu, pena adzakoka mpaka nsalu kukwinyika. Ikakwinyika muuzeni aikoke pang'onopang'ono iwongoke. Koma kumasula msoko wake iye akuona, kapena kunena kuti "bweretsa kuno, ukuchedwa", ndi kumene kumapha chidwi. Ine ndinachita zimenezo tsiku loyamba, mlongo wanga anangoimirira n'kupita kukasewera, ndipo ndinachita kum'nyengerera ndi chimanga chootcha kuti abwerenso. Mphindi 15 pa tsiku ndi zokwanira. Chathu chinatenga masiku asanu.

Kukamwa kwa chikwama pindani kawiri kuti kusasomoke, asoke chimodzimodzi, kenako mutembenuze chikwamacho kumaso kubwere kunja. Lamba wake ng'ambani timizere titatu ta nsalu yotsala, aluke ngati tsitsi. Muyezereni kuchokera paphewa kudutsa pachifuwa kufika m'chiuno, asatalike mpaka kumakola m'zitsamba. Polumikiza lamba ndi chikwama pokhapo sokani inu, mobwerezabwereza, poti m'pamene pamayamba kuduka.

Za chitetezo musazitenge mwachibwana. Sokerani masana, pamphasa, osati usiku pa koloboyi kapena pamchenga pamene singano ikagwa simungaipeze mpaka wina aiponde. Mukamapuma ibayeni pa kansanza, ndipo muziisunga inu. Mwana asaike singano pakamwa, ngakhale amaona agogo akutero. Lezala asagwire n'komwe, makamaka yotola, chifukwa imatha kufalitsa matenda odzera m'magazi. Akadzibaya, tsukani ndi madzi ndi sopo. Ngati panyumba pali khanda lokwawa, mabatani ndi mikanda zikhale kutali, limameza n'kutsamwa. Batani lenilenilo pa kachikwamaka silofunika, timizere tiwiri tomanga pakamwa tikwana.

Anyamata ena andiseka kale kuti kusoka ndi ntchito ya atsikana. Tapitani pa msika wathu muwerenge matelala amene akhala pakhonde la sitolo ndi makina awo. Angati ndi amayi? Nanga yunifolomu yanu ikang'ambika kumbuyo Lolemba m'mawa mumadikira ndani? Mng'ono wanu amene amatha kupinda mawaya n'kutulutsa galimoto yokhota mawiro, kapena kumanga mpira wachikulunga wosamasuka sabata yonse, singano singam'kanike. Ku pulayimale amaphunzira kale zoterezi mu Expressive Arts, kungoti m'kalasi la ana ochuluka mphunzitsi mmodzi sangagwire dzanja la aliyense. Kunyumba mwana ndi mmodzi, inu mmodzi.

Nsalu imalowa madzi, ndiye nthawi ya dzinja makope azikulungidwa kaye m'pepala la shuga asanalowe m'chikwama. Pomaliza lembani ndi choko chilembo choyamba cha dzina lake kumaso kwa chikwamacho, atsatire ndi ulusi wa mtundu wina. Tizidutswa totsala musataye. Mlongo wanga watisunga m'chitini, akuti Loweruka lino asoka kathumba ka pensulo, ndipo wandiuza kale kuti timadontho ndisam'lembere.