Phunziro: Kumvetsa Lipoti la Mwana ndi Kumuthandiza Pakhomo

Kuwerenga: Miyambo 22:6, Luka 2:52

Amayi anzathu mwa Ambuye, teremu ikatha ana amabwera ndi lipoti, ndipo ambirife timangofunsa kuti, "Wakhala nambala chani?" Akakhala pamapeto timamukalipira, akakhala woyamba timalulutira, basi nkuiwala. Koma nambala imangoyerekeza mwana ndi anzake. Siitiuza zimene iye akudziwa.

Mmene aphunzitsi amayesera ana

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo mwana wovutika saoneka msanga. Mu 2007 boma linayamba ndondomeko yoti ana aziyesedwa pang'onopang'ono mkati mwa teremu, osangodikira mayeso omaliza. Malikisi amaikidwa m'magawo anayi: 4 ndi 80 mpaka 100, wachita bwino kwambiri, 3 ndi 60 mpaka 79, 2 ndi 40 mpaka 59, 1 ndi wosafika 40, kutanthauza kuti mwanayo akusowa thandizo. Gawo 1 si chitonzo ayi, koma chenjezo loti tichitepo kanthu asanabwereze kalasi.

Tiyang'ane phunziro lililonse palokha, makamaka Chichewa, Chingerezi ndi masamu. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndiwo amaona amene asankhidwire ku sekondale. Mwana amene sanagwire kuwerenga m'makalasi oyamba amadzavutika kutsogoloku.

Zimene zimagwetsa malikisi kuno kunyanja

Kuno ku Chilwa, matemba akachuluka anyamata amathawira kudoko la Kachulu, ndipo mpunga ukamacha timatuma ana kukaingitsa mbalame. Tsiku lililonse lojomba ndi phunziro lotayika. Palinso matenda. Mwana wodwaladwala malungo, kapena wa likodzo, amafooka ndi kuwodzera m'kalasi. Tikaona magazi mu mkodzo tisanene kuti ndi kukula. Tipite naye kuchipatala, mankhwala alipo. Enanso saona bwino pabolodi kapena samva bwino, ife nkumati ndi aulesi.

Zimene tingachite pakhomo

1. Mwana adye kanthu m'mawa, ngakhale phala kapena mbatata, ndipo azigona m'masikito.
2. Timpatse nthawi yowerenga dzuwa lisanalowe. Ntchito zapakhomo tigawe mofanana pakati pa atsikana ndi anyamata.
3. Atiwerengere mokweza. Ngakhale ife sitinapite kusukulu, khutu limamva pamene akudodoma.
4. Tikamagulitsa mpunga kapena nsomba, iye awerengere ndalama ndi chenji. Amenewo ndi masamu.
5. Tikaonane ndi aphunzitsi teremu isanathe, tiwafunse mwaulemu pamene mwana akulephera. Tisajombe misonkhano ya makolo, ndipo tigwirizane ndi amayi a Mother Group pobweza atsikana amene anasiya sukulu.

Ana amasiye amene ali m'mipingo yathu alibe wowafunsa za lipoti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndani mwa ife anaona makope a mwana wake sabata ino?
2. Ndi ana ati m'mudzi mwathu amene ajomba chifukwa cha ntchito zimene tawatuma ife eni?
3. Kodi gulu lathu lingasankhe tsiku loti ana aziwerengera pamodzi kutchalitchi?

Pemphero

Atate wachifundo, mwatipatsa ana kuti tiwalere. Tipatseni kuleza mtima akalephera, ndipo dalitsani aphunzitsi awo, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.