KUBZALA JAMU PAKHOMO

Alimi ambiri adziwa jamu monga cipatso ca ana, comera cokha pabwinja kapena kuseri kwa khola. Ife tifuna kuti aziibzala mwadala, koma pa malo oyenera, pakuti kamtengo kameneka kakhoza kuonongetsa fodya wa munthu wosasamala.

Jamu inacokera ku South America, ku maiko a mapiri monga Peru, ndipo Azungu amaicha Cape gooseberry. Gooseberry weniweni wa ku England ndi citsamba cina caminga cofuna cisanu cacikuru, ndipo kwathu kuno sicibereka bwino. Yathuyi ikonda malo ozizira pang'ono monga Zomba ndi Dedza.

Tsono mverani ici. Jamu ndi mbale wace wa fodya, matimati, mabiringano ndi mbatata ya kacewere, comweco nthenda zace ndi zimodzimodzi. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene titupitsa mizu ya fodya nikucita mfundo-mfundo, tiswana m'mizu ya jamu. Nthenda yocititsa mawanga pa masamba a fodya igwiranso jamu, ndipo imayenda ndi manja a munthu. Cifukwa cace musabzale jamu pafupi ndi nazale ya fodya, kapena pa malo pamene mufuna kudzaika nazale caka camawa. Ikamera yokha m'munda wa fodya izuleni, ngakhale ana adandaule. Mukagwira fodya, ngakhale wouma wosuta, sambani ndi sopo musanakhudze mbande.

Kubzala kwace sikubvuta. Finyani cipatso cakupsa, tsukani njere, ziumitseni pamthunzi, ndipo muzifese monga mucitira ndi matimati. Mbande zikafika mainchesi 4 kapena 6 muziokere, kusiya yadi imodzi pakati pa mitengo. Sankhani nthaka yosasunga madzi ndi malo oomba dzuwa. Taona alimi ena akhama akuthira ndowe zambiri za m'khola, nakondwa poona masamba obiriwira, koma zipatso osaziona. Jamu ikadya kwambiri imangocita masamba. Manyowa pang'ono akwanira. Nthambi zace nzotetemera, tero zimikani timitengo kuti zisagone pansi.

Patapita miyezi 3 kapena 4 ciokereni mudzayamba kuchola. Cipatso cikhala m'kathumba konga pepala. Kathumbako kakauma nikusanduka ngati udzu wa m'cilimwe, cipatso capsa, ndipo kawiri-kawiri cigwa cokha. Zaziwisi zobiriwira ana asadye, zimapweteka m'mimba. Zopita nazo kumsika musazisende, pakuti m'kathumba mwace zikhala masabata angapo zosaola, pamene zosenda zionongeka msanga. Zotsala amai akhoza kuziphika ndi shuga, nakhala naco copaka pa buledi.

Mukatha kukolola dulirani nthambi zakale kuti ziphuke zatsopano. Pakapita zaka 2 kapena 3 zipatso ziyamba kucepa. Pamenepo zulani mitengoyo, yang'anani mizu, ndipo ngati ili ndi mfundo itentheni ndi kubzala mbeu zatsopano pa malo ena.