Tchesi ya pa Kalata: Ukaponya, Waponya

Anzanga, kodi mukudziwa kuti tchesi imaseweredwanso pa kalata? Ine ndimasewera motero ndi amalume anga a ku Nyambadwe. Aliyense amakhala ndi bolodi yake, n'kumalembera mnzake m'mene wayendera. Bungwe la ICCF, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1951, limayendetsa mipikisano yotereyi ndi kuika osewera pa mndandanda potengera mapointi. Popewa vuto la zinenero, amalemba manambala: 5254 ndiye kuti kamsilikali ka patsogolo pa mfumu yoyera kayenda mabokosi awiri.

Lamulo lalikulu nali: ukaponya kalata, waponya. Pa mpikisano wa 1824 mpaka 1828, osewera a ku London anaponya kalata yopita kwa anzao a ku Edinburgh, kenaka anazindikira kuti alakwitsa. A positi anakana kuwabwezera kalatayo, a ku Edinburgh nawonso anakana zosintha. London inagonja.

Inenso amalume anandidyera mfumukazi chifukwa ndinayankha kalata yao tsiku lomwelo. Masiku ano ndimagona kaye ndisanayankhe. Mau athu pa seminale pano ndi chimodzimodzi: akatuluka sabwerera. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.