Kukonza Fuzz Face Yakale

Fuzz Face ndi kabokosi kozungulira kamene anayamba kupanga ku London m'chaka cha 1966. Woyimba amakaponda ndi phazi, ndipo gitala imalira mau osasa, monga inali kulirira ya Jimi Hendrix. M'kati mwake muli matransistor awiri okha ndi batire ya mavoti 9.

Kakaleka kulira musafulumire kumasula zonse ai. Yambani mwaona batire. Chingwe cha gitala ndicho chimayatsa moto chikalowa pa bowo lake. Tsono munthu akachisiya momwemo masabata ambiri, batire imatha ngakhale palibe woyimba. Onaninso timawaya tiwiri ta batire, pakuti timaduka msanga ndi kukokedwa.

Chofunika kusamala koposa ndi matransistor. Oyambawo anali a germanium, ndipo germanium sagwirizana ndi kutentha. Kabokosi kakakhalitsa padzuwa mau ake amasintha, koma sikanafe. Kaikeni pamthunzi kazizire. Powotcherera, panani mwendo wa transistor ndi chopanira chachitsulo kuti kutentha kusafike m'kati. Mukaipsereza, ina yolira chimodzimodzi njosowa masiku ano, ndiponso njodula.