KASUNGIDWE KA NKHUKU M'MASIKA NDI M'CISANU

Palibe mudzi kwathu kuno wopanda nkhuku. Mlendo akafika tigwira nkhuku. Mwana akasowa makope a kusukulu tigulitsa tambala. Wina akadwala, dzira ndilo limbwezera mphamvu. Koma ngakhale nkhuku itithandiza cotere, ambiri a ife tiisunga monga mbalame ya m'thengo, yodzifunira yokha cakudya ndi pogona. Cifukwa cace caka ndi caka banja limene linali ndi nkhuku 20 pa Epulo lifika pa Okutobala lilibe ngakhale imodzi yolira m'mamawa.

Cimene citinyenga ndi masika. Pa Epulo ndi Meyi nkhuku zinenepa, pakuti zitola cimanga cotayika pankhokwe ndi misere ya pamtondo, ndipo mwini ati, Nkhuku zanga ziri bwino. Tsono ndiyo nthawi imene ayenera kukonzeratu za miyezi iri kudza. Akulu anati, M'mera m'poyamba. Tiyeni tione zinthu zisanu zimene ziyenera kucitika cisanu cisanakule.

1. KHOLA

Nkhuku yaikulu siopa kuzizira kweni kweni, pakuti thupi lace litentha kuposa la munthu, madigiri 41, ndipo nthenga zace zisunga kutenthako. Zimene ziipha ndizo mphepo yoomba pathupi usiku wonse, ndi cinyezi ca pansi. Kuno kwathu mphepo ya Juni ndi Julayi icokera kum'mawa capakumwera, ndipo dzuwa la miyezi imeneyo lipendekera kumpoto. Cotero matani bwino khoma la kum'mawa ndi la kumwera, koma khomo liyang'ane kumpoto, kuti dzuwa lilowe ndi kuumitsa pansi.

Musatseke ponse ponse ai. Siyani mpata m'mwamba, pakati pa khoma ndi denga, kuti mpweya woipa wa zitosi uturuke. Mukalowa m'khola m'mamawa, maso anu nayamba kuwawa ndi pfungo, dziwani kuti nkhuku zagona m'pfungo limenelo usiku wonse, ndipo cimfine ciri pafupi. Sesani zitosi kamodzi pa sabata, muziunjike pamthunzi. Ndiwo manyowa abwino a kudimba. Pansi thirani maudzu ouma kapena makoko a nshawa, ndipo pingasani mitengo yosalala yakuti nkhuku zigonepo, zisagone padothi.

Musaike mbaula ya makala m'khola lotseka. Mpweya wa makala ulibe pfungo, koma upha nkhuku monga uphanso anthu, ndipo udzu wa Julayi sucedwa kugwira moto.

2. CAKUDYA

M'dzinja nkhuku idzidyetsa yokha ndi ziwala, nyongolotsi, inswa ndi msipu. Mvula ikaleka zonsezi zicepa, ndipo akatentha thengo zitheratu. Pomwepo nkhuku zambiri zazikulu zithothoka nthenga zakale ndi kumera zatsopano, nchito imene itenga miyezi iwiri kapena itatu. Nthenga zimangidwa ndi cakudya comwe cija cimanga mnofu ndi dzira. Cifukwa cace thadzi wothothoka aleka kuikira. Usana nawonso ufupika: pa Disembala uli pafupi maora 13, koma pa Juni uposa 11 pang'ono pokha, ndipo ici cicepetsanso mazira. Musafulumire kupha thadzi wabwino pomuyesa wokalamba, mdyetseni, adzaikiranso.

Gaga yekha sakwana. Akhutitsa, koma samanga thupi. Pokolola patulani ciri conse cimene anthu sadya: misere, nshawa zazing'ono zosankhidwa, pfumbi la kapenta lotsala pansi pa thumba, zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa. Soya muyambe mwakazinga musanasinje, pakuti wamuwisi aletsa cakudya kugayika bwino m'mimba. Masamba a kudimba amene simugulitsa muwamangirire pa cingwe kuti nkhuku zijomphe. Makoko a mazira ndi mafupa muwaoche ndi kuwasinja. Ndiwo alimbitsa cikamba ca dzira.

Ciswe mungathe kucikola cotere: tengani mphika wakale, mudzaze ndi ndowe zouma, mapesi ndi zitsononkho, muwaze madzi pang'ono, muubvundikire pansi pamene ciswe cipitapita, kutali ndi nyumba ndi nkhokwe. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mudzapeza ciswe cambiri ca anapiye.

Cenjerani ndi cimanga kapena nshawa zocita cuku. Ambiri ati, N'zoola, tipatse nkhuku. Koma mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 cifukwa ca cakudya ca nshawa za cuku zocokera ku Brazil, ndipo pamenepo ndipo anthu ophunzira anazindikira ululu umene ukhala m'cuku. Ululuwo uononga ciwindi, ndipo sutha ndi kuphika. Cimene cacita cuku cikwiriridwe.

Patsani nkhuku dzanja limodzi limodzi madzulo, pakhomo pa khola. Zidzagona zokhuta, zidzamva kutentha, ndiponso zidzazolowera kubwera zokha, inu nimuziwerenga.

3. MADZI

Ici ndico ciiwalika koposa. Zithaphwi zikauma, nkhuku imwa madzi a pabafa ndi otsukira mbale. Thadzi afuna madzi okwana kapu imodzi pa tsiku, ndipo za m'kati mwa dzira, magawo atatu mwa anai ndiwo madzi. Ikani phale pamthunzi, mulitsuke m'mawa uli wonse. M'phale la anapiye ikanimo timiyala, kuti angagweremo ndi kunyowa; mwanapiye wonyowa pa Juni safika madzulo.

4. ANAPIYE

Thadzi afungatira masiku 21. M'cisanu musamuikire mazira oposa 8 kapena 10, cifukwa a m'mphepete azizira nafa. Mwanapiye wongoswedwa afuna kutentha kwa madigiri oposa 30 sabata loyamba, pamene usiku wa Juni ndi Julayi utsika kufika pafupi madigiri 10, ndi kumadambo kuposa apo. Nthenga zace zikwanira atatha masabata asanu ndi limodzi. Kufikira pamenepo moto wace ndiye mai wace.

Cotero musalole thadzi kuturuka ndi ana mbanda kuca. Abvundikireni m'dengu lalikulu kufikira dzuwa litatentha, muwapatse misere, ciswe ndi madzi momwemo. Masabata awiri kapena atatu oyamba ndi bwino asayende kutali konse. Kumbukirani kuti thengo likapsa anapiye alibe pobisala, ndipo kabawi ndi mphamba aona pabwalo ponse. Siyani zitsamba pang'ono pafupi ndi khola, kapena mangani kathandala kafupi kakuti athawiremo. Tsekaninso mabowo a pansi pa khola, pakuti likongwe ndi bvumbwe nawonso ali ndi njala m'miyezi iyi.

5. NTHENDA

Nkhuku zikaunjikana cifukwa ca kuzizira, utitiri ndi nsabwe zicuruka. Izi ziyamwa mwazi usiku, ndipo thadzi wolumidwa athawa mazira ace. Kumbani kadzenje pouma, muthiremo phulusa losanganiza ndi mcenga, kuti nkhuku zisambemo. Udzu wa m'cisa muutenthe thadzi akangoswa, ndipo ming'alu ya khoma muimate.

Koma mdani wamkuru ndiye citopa, cimene ena acicha cideru. Azungu acicha Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene cinaoneka caka comwe cinaonekanso pa cisumbu ca Java, mu 1926. Cifika kawiri kawiri m'miyezi youma. Nkhuku igwetsa mapiko monga yabvala jekete, iwodzera, ipuma mobvutika, ipambuka zobiriwira, ndipo zina zipotoka khosi. Cingathe kutha khola lonse m'sabata limodzi kapena awiri. Nkhuku ikadwala citopa palibe mankhwala ocizira. Makapisozi a anthu ndi tsabola sizipha kacirombo kace.

Cimene cithandiza ndi katemera, woperekedwa nkhuku zisanadwale. Alipo wochedwa I-2, amene anapangidwa ku Australia cifukwa ca nkhuku za m'midzi, pakuti apirira kutentha kuposa akatemera ena. Athira dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikuru ndi mwanapiye yemwe, ndipo mphamvu yace iyamba patapita sabata limodzi kapena awiri. Abwereza pa miyezi inai iri yonse. Ambiri asankha Marici, Julayi ndi Novembala. Funsani mlangizi wa ziweto wa kwanu za katemera amene apezeka, ndipo gwirizanani mabanja angapo, cifukwa botolo limodzi likwana nkhuku zambiri, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa.

Nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi abale ikhale payokha masabata awiri isanasanganizidwe ndi zanu. Yakufa ndi nthenda ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe, pamodzi ndi nthenga zace.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kunena mosabisa. Citopa cikalowa, ena athamanga ndi nkhuku zotsala kukagulitsa kumudzi wina zisanagwe. Wocita ici apulumutsa ndalama zocepa, koma apha nkhuku za mnzace amene sanamlakwire kanthu, kapena za mai wamasiye amene cuma cace conse ndi misoti itatu. Nthenda ikafika kwanu, uzani anansi ndi amfumu tsiku lomwelo, kuti atsekere zao.

Mukacita izi, mvula yoyamba idzapeza misoti yanu yamoyo ndi yamphamvu, yokonzeka kuikira pamene inswa ndi msipu zibweranso.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Khomo la khola lanu liyang'ana kuti, ndipo mphepo ilowera pati?
2. Mwapatula ciani pa zokolola za caka cino ca nkhuku zanu?
3. Cifukwa ninji thadzi aleka kuikira m'cisanu?
4. Ndi mabanja ati amene mungagwirizane nao pogula katemera Julayi asanafike?