Uphungu: wochira matenda a m'maganizo ndi ntchito yongodzipereka

Kuchira ku matenda a m'maganizo kuli ndi mbali ziwiri zimene siziyendera limodzi nthawi zonse: kutha kwa zizindikiro za matenda, kumene kumadza ndi mankhwala ndi uphungu wa kuchipatala, ndiponso kubwerera kwa munthu pamalo pake pakati pa anzake, kumene chipatala sichingampatse. Kalata ya mayi wina wa dera la Lizulu m'boma la Ntcheu ikukhudza mbali yachiwiriyi. Mayiwa akuti amuna awo atamwalira anadwala matenda okhumudwa, kutanthauza chisoni chozama chimene chimakhala masabata ambiri osachoka, n'kumulanda munthu tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zogwirira ntchito. Atamwa mankhwala kwa miyezi 4 akupezako bwino, ndipo amayi a kumpingo awapempha kuti azikaphika nawo phala pa sukulu ya mkombaphala, imene ndi malo osamalirapo ana osafika msinkhu woyamba pulayimale. Amalume awo akuletsa, ati munthu amene mutu unamusokonekerapo azikhala phee pakhomo, pamene eniakewo akufunsanso ngati ntchitoyo ingawalole kusiya mankhwala.

Pa funso loyamba, mayiwa avomere pempholo. Matenda okhumudwa amakula msanga mwa munthu wobindikira, pakuti amene alibe chomudzutsira m'mawa amatha tsiku lonse akubwereza maganizo omwewo, ndipo akamalephera kuchita kanthu amayamba kudziyesa wachabechabe, zimene zimamufooketsanso. N'chifukwa chake aphungu a zamaganizo ali ndi njira yobwezera wodwala pang'onopang'ono ku zochita zokhala ndi phindu, osadikira kuti mtima ufune, popeza kufuna kumabwera ntchito itayambika kale. Mphika wa phala uli ndi zonse zimene njirayi imafuna: uli ndi nthawi yake, pali anzawo ocheza nawo potola nkhuni, ndipo pali ana odikira ndi makapu m'manja. Munthu amene wakhala miyezi akungozondedwa ndi kupepesedwa amafunika tsiku limene iyenso adzayembekezeredwa ndi ena.

Mphamvu ya anthu wamba pa nkhaniyi inaoneka ku Zimbabwe, kumene mu 2006 dokotala wa matenda a m'maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench mu mzinda wa Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa ankakhala pa benchi kunja kwa chipatala kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso, ndipo ambiri omaliza uphunguwo ankalowa m'magulu oluka zikwama za mapulasitiki akale. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti othandizidwa motere zizindikiro zawo zinachepa kuposa za amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Njirayi inafikanso kuno ku Malawi.

Pa funso lachiwiri yankho ndi lokana, ndipo apa mayiwa asamvere mtima wawo ngakhale anzawo opemphera nawo. Mankhwala a matendawa amapitirizidwa kwa miyezi yosachepera 6 munthu atachira, chifukwa kuwasiya msanga kumachititsa matenda kubwerera, ndipo wochepetsa mlingo ndi dokotala kapena namwino wa matenda a m'maganizo, monga amene amapezeka pa chipatala cha boma cha Ntcheu. Ntchitoyo nayo ikhale ndi malire: masiku awiri pa sabata ndi okwanira poyamba, ndipo udindo wosunga thumba la ndalama kapena kuchezera pa maliro uyambe wadikira, pakuti magulu a m'midzi ali ndi chizolowezi chosenzetsa katundu yense munthu amene sakana. Tulo tikayambanso kusowa, chakudya chikayamba kukanika, makamaka akabwera maganizo ofuna kudzipha, apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena auze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo. Odwala ambiri otere amathandizidwa pafupi ndi kwawo, osafika ku chipatala chachikulu cha matenda a m'maganizo cha ku Zomba chimene anthu amachiopa.

Amalumewo sakulankhula mwa nkhanza. Akuopa kuti mwana wa m'mbumba yawo adzalozedwa chala pamsika wa Lizulu, ndipo kusalidwa kotereku kulipodi, makamaka poti anthu amatcha misala vuto lililonse la m'maganizo. Mayiwa sakukakamizidwa kuulula matenda awo kwa gulu lonse, koma ndi bwino kuti mtsogoleri mmodzi wosunga chinsinsi adziwe, kuti akajomba awatsatire m'malo mowadzudzula. Tsiku lokatenga mankhwala likadzafika, awapemphe amalumewo kuti awaperekeze kuchipatala, akadzifunsire okha kwa namwino zonse zimene zikuwadetsa nkhawa.